Dzina la Uladi Lili Lokha Pachikuto

Olemekezeka a Tcheyamani a chipani m'dera lino la Balaka, Che Usumani. Olemekezeka Shehe Bakari a kumzikiti. Olemekezeka Bambo Lucius, ansembe a kutchalitchi. Olemekezeka ahedi, Bambo Willard, amene mwapereka chipinda choti anawa aziphunziramo kulemba nkhani. Mafumu ndi nduna zanu. Anyamata ndi atsikana. Ndi inu mwakhala kumbuyoko, amene palibe akukudziwani koma mwayamba kale kulemba ine ndisanatsegule pakamwa, nanunso ndakulonjerani. Asalamu alaikumu.

Ine ndine Abiti Sadiki wa kwa Mposa. Sukulu ndinalekezera Sabu B. Khadi la chipani ndili nalo, lili pamfundo ya chitenje apa, pasavute.

Ndikudziwa kuti mpando uno sanaukonzere ine. Anaitana bwana wina wa ku Zomba, mwendo unatupa. Anaitana wachiwiri, galimoto inafera pa Liwonde. Wachitatu akuti apongozi amwalira, apongozi omwewo amene ndinadya mpunga wa sadaka yawo chaka chatha. Sekani, inu sekani. Ine sindinaseke. Akuluakulu akamathawa mpando waulemu, nkhalamba imayamba yasuzumira pansi pake isanakhale.

Ndabwera chifukwa mwini sukuluyi, Uladi, ndi mdzukulu wanga. Mayi wake anandisiyira ali kumsana. Atamaliza ku yunivesite ku Zomba anati akupita kunja kukatenga digiri yachiwiri. Ndinati, zikomo Mulungu, tapeza dokotala. Iye akuti, “Iyayi anganga, ndikukaphunzira kulemba nkhani.” Ndinati, “Nkhani amazikwerera ndege? Ine ndakhala ndikuzipeka mano asanamere, palibe anandivekapo mkanjo ndi chisoti.” Anandiyankha kuti, “Zanu anganga zimathera kwa Mposa. Zanga zidzafika kumene phazi langa silidzapondako.” Iye ankanena monyada. Ine mtima unagwa tsiku lomwelo, ndipo sunadzukebe.

Ndikuuzeni chifukwa chake. Tili atsikana kunalibe chigayo. Tinkasinja atatu pamtondo umodzi, misi ikupokezana, ndipo mkazi akazunzika m'banja sankathamangira kubwalo, ankabwera nazo pamtondo. Kunali mnzathu Kulusumu. Mpunga amalima onse awiri ndi mwamuna wake kudambo, matope mpaka m'mawondo, koma ukangolowa m'thumba mwamuna ankaunyamula kukapatsa mkazi wina ku Nsanama, ana kunyumba akudya maungu. Ndinapeka nyimbo. Ndinaiyamba ine, Kulusumu anavomera, wachitatu anawonjezera zake zoŵaŵa kuposa zanga, ndipo dzuwa lisanapendeke inali ikumveka kuchitsime.

Mwamuna uja anabwera ndi mkwapulo. “Wayamba nyimbo imeneyi ndani?” Kulusumu anati, “Ine ndinangovomera.” Wina anati, “Ndinaimva kuchitsime.” Akuchitsime anati, “Ife tinaipeza ikuyimbidwa.” Atafika pa ine ndinati, “Achimwene, funsani mtondo.” Anazungulira mudzi wonse, thukuta kamukamu, ndipo ngakhale mayi ake omubala anati nawonso anavomerako. Ukwapula ndani? Mpunga wa chaka chimenecho unadyedwa ndi ana a Kulusumu. Nyimbo inagwira ntchito yake, ndipo tonse tinagona m'nyumba zathu.

Tsopano Uladi wabwerako, wandionetsa buku lake. Zam'katimo sinditha kuwerenga, koma zilembo za dzina lake ndimazidziwa. Dzinalo lili pachikuto, lalikulu, lokhalokha. Ndinaliyang'ana kutsogolo, ndinalitembenuza kumbuyo, kufuna dzina la wovomera. Palibe.

Ena a inu munkawadziwa aphunzitsi Blasius a ku Nsanama. Analembera ana asukulu sewero, makolo anawomba m'manja mpaka zikhatho kufiira. Sabata isanathe kunabwera galimoto, munali anthu amene sanatchule mayina awo, ndipo inapita nawo aphunzitsiwo. Owomba m'manja aja manja anabisa m'khwapa. Akazi a aphunzitsiwo akugulitsa tomato pamsika, ndipo ukawafunsa ngati ali pabanja kapena ndi amasiye, amangokonza milu ya tomatoyo. Sindikunena boma, sindikunena munthu, ndikunena galimoto.

Ndinamuuza Uladi kuti, “Mwana iwe, kaphunzitse masamu. Palibe anasowapo chifukwa cha masamu.” Iye anandifunsa kuti, “Anganga, mkwapulo uja mutauona, munasiya kuyimba?” Mwanayu sananame. Mudzi wopanda woyimba pamtondo, ana amangodya maungu, ndipo aliyense amati zili bwino. Lero akazi amafola pachigayo, injini ikulira, palibe akumva mnzake. Zimene tinkayimba ife, wina ayenera kuzilemba.

Choncho inu ana anga mwabwera kudzaphunzira, sindikuletsani. Phunzirani mpaka madigiri akulemereni. Lembani za mayi woberekera panjira ya kuchipatala, lembani za waganyu wa ku Kalembo wolima munda wa mnzake wake uli thengo, lembaninso zoseketsa, chifukwa wosaseka sachedwa kukalamba. Musanamizire munthu, ndipo musasandutse cholembera mpeni wobwezera mkwiyo wanu. Koma chimodzi chokha, chimene sindikhulupirira kuti kunjako anamuphunzitsa Uladi: musasinje nokha. Wina akalemba, awerengere anzake, anzakewo aikemo mawu awo, kuti tsiku lofunsidwa pasapezeke woloza mnzake chala.

Ahedi andipatsa sizasi iyi kuti ndidule riboni pachitsekopo. Mphamvu zodulira ndili nazo. Ndimalimabe. Koma ndanena pamaso pa Mulungu, sindidula ndekha. Uladiyu ndi yekhayo wanditsalira, ndilibe wina wodzandiponyera dothi.

Shehe, bwerani muike dzanja pamwamba pa langa. Bambo Lucius, mkanjowo usakukoleni, fulumirani. Ahedi, chipinda ndi chanu, simungabisale. A Tcheyamani, ndakuonani mwayang'ana wotchi, koma mpunga sunapse. Ine ndi msinkhu wa mayi anu, ndipo ndiima pompano padzuwa mpaka mutadzuka. Anthu onsewa akukuyang'anani.

Ehee. Mwachita bwino, mwanawe. Dzanja lanu lazizira, koma tigwirizane choncho.

Uladi, yang'ana manja awa, uwaloweze pamtima. Inunso nonse mwaona. Akadzabwera ofunsa kuti sukulu ya olembayi anailola ndani, pasadzapezeke wonena kuti anali kumaliro a apongozi.

M'dzina la Mulungu, ndi manja onsewa pamodzi, ndikulengeza kuti sukulu ya olemba nkhani ya pa Balaka yatsegulidwa.

Zikomo kwambiri.