Bambo Awo Akadali M'malata

Malemu anabadwa pa 9 Ogasiti 1951. Bambo awo anali mtengatenga wa bwanamkubwa wa atsamunda, ndipo anatisiya malemu asanayambe n'kukwawa komwe. Chithunzi sanasiye ngakhale chimodzi.

Mu 1960, ali ku pulayimale, mayi awo anapita nawo pabwalo la pakati pa tauni, pa chiboliboli cha mkuwa chija: bwanamkubwa ali chilili, dzanja lili paphewa la munthu wogwada, katundu ali kumsana. Anawauza kuti wogwadayo ndi bambo awo, poti mmisiri anawagwaditsa masiku ambiri akutengera nkhope yawo. Bambo awo anawadziwira pamenepo.

Mu 1972 analembedwa ntchito yosamalira bwalolo. Atafuna kuwakweza kuti akakhale mu ofesi, anakana kwamtuwagalu. Mu 1976 anamanga banja ndi mayi athu ali apawa, amene ankaseka kuti analowa mitala ndi chiboliboli. Sankanama. M'mawa uliwonse malemu ankapukuta nkhope ya wogwadayo ndi kansalu kofewa, koma bwanayo ankangomusiyira mbalame. Ngakhale atapuma ntchito mu 2011, kansaluko sanakasiye.

Mu 2019 kunabuka mkangano. Ena amati chibolibolicho n'chonyoza, chigwetsedwe. Ena amati mbiri safufuta, chikhale. Mbali zonse zinkawakokera malemu kumisonkhano, aliyense kufuna kuti amuyankhulire. Anthuni, munawazunza bambowa. Akanati chikhale, ndiye kuti bambo awo azigwadabe pamaso pa tauni yonse. Akanati chigwe, ndiye kuti nkhope yokhayo ya bambo awo ikasungunulidwe. Mwana wawo woyamba yemwe anali kutsogolo kwa ofuna kugwetsa, moti pakhomo anthu ankadya osayang'anana.

Malemu anapempha chinthu chimodzi basi: awadulire bambo awo, apite nawo kunyumba. Owotcherera zitsulo atayeza anati n'zosatheka, poti dzanja la bwanayo ndi phewa la bambowo n'chitsulo chimodzi, ndipo akadula, nkhope ing'aluka.

Mu 2021 akuluakulu a tauni anachitchinga chonse ndi malata, ati podikira chigamulo. Malemu ankapitabe, kukasuzumira pa kabowo ka msomali. Akabwerako, chakudya sankachikhudza. Chaka chatha anayamba kudandaula mtima, ndipo Lachiwiri lapitali anatsikira kuli chete, chigamulocho chisanatuluke.

Asiya mayi, ana asanu ndi zidzukulu zisanu ndi zinayi. Tikuthokoza anamwino, anzawo osesa m'tauni, ndi nonse mwatikhazika mtima pansi, a mbali iyi ndi a mbali inayo.

Popita kumanda, galimoto iima pang'ono pa malata paja. Tinapempha kuti atsegule lata limodzi lokha kuti malemu atsanzikane ndi bambo awo, koma atiyankha kuti nkhaniyi idakali m'manja mwa komiti. Kansalu kaja mwana wawo woyamba wawaikira m'bokosi.

Bambo athu, kumene mukupitako mukawapeza ataimirira. Usani mumtendere.