Nthochi zimene namwino anakana

Moni omvera anzanga. Ndine mayi wa ku Misuku, mlimi wa khofi.

Ndili mtsikana ndinadwala matenda a maganizo, ndipo mwezi uliwonse ndinkatsikira ku Boma kukalandira mankhwala. Kumudzi ndinkangoti ndikupita kumsika.

Mnyamata wina atandifunsira, azakhali ake anayamba kufufuza mbiri yanga, monga timachitira malowolo asanaperekedwe. Wina anawatsina khutu kuti amandiona kuchipatala. Mayiwo ananyamula mkoko wa nthochi n'kupita kwa namwino wanga, poti ankapemphera mpingo umodzi.

Nditapita kukatenga mankhwala, namwinoyo anatseka chitseko n'kundifotokozera zonse. Akuti azakhaliwo anati, "Monire mama. Ife ndife amodzi, tangondinong'onezani. Mtsikana uja mutu wake uli bwino?" Iye anawayankha kuti, "Mama, za munthu wobwera kuno sindinena, lamulo silindilola. Ngakhale zanu sindingauze mwana wanu." Nthochi zija anabwerera nazo.

Ndinafunsa kuti, "Ndiye ndizibisabe?"

"Nkhaniyi ndi yanu, achemwali," anatero namwinoyo. "Mukafuna kumuuza mnyamatayo, mubwere naye, ndidzakuthandizani kufotokoza."

Ndinapita naye. Mnyamatayo anamvetsera mpaka pamapeto, kenaka anangofunsa kuti mankhwalawo ndimamwa nthawi yanji.

Lero tili ndi ana awiri, ndipo amandikumbutsa mankhwala ndi iyeyo. Azakhali aja nawonso masiku ano amapita kwa namwino yemweyo. Chimene amadwala sindichidziwa, ndipo mtima wanga uli m'malo podziwa kuti sindidzachimva.