Dzenje Limene a Orest Demchuk Ankakwirira

Abale ndi alongo, mpando wopanda munthuwo ndi wa a Metro Gawryluk. Chaka chatha analonjeza mwana wanga kuti abwera ndi katapila yawo, chigalimoto chokankhira dothi chija, akatha kukolola tirigu. Lonjezo silikankha dothi. Za iwowo ndimaliza nazo.

Malemu a Orest Demchuk, lero ndiwapatsa ulemu wawo ngakhale ndinawabereka ndine, anabadwa pa 9 Malichi 1938 kumpoto kwa Belfield kuno. Sukulu analekezera panjira, poti ng'ombe sizidikira mayeso. Mu 1960 anamanga ukwati ndi a Lesia m'tchalitchi muno.

Mu 1963 akampani anabwera kudzakumba malasha a m'chitunda mwathu. Mtengo ndinakambirana nawo ndine, mpaka anatuluka thukuta. Malemu analembedwa ntchito yotentha malashawo m'dzenje, kuti yureniyamu, poizoni wa m'miyala amene akampaniwo ankafuna, itsale m'phulusa. Ifetu malasha omwewo tinkasonkhera m'mbaula, phulusa n'kumwaza kudimba.

Anandiletsa ndi malemuwa. Anandionetsa zachikasu zitamata pamalasha ngati nkhungu. Anati kalekale madzi ankatsika m'miyala atasungunula yureniyamu, malasha n'kuigwira monga nsalu yosefera mkaka igwirira zitsotso. Ikakhala yokwiririka imagona. Mukafukula, mpweya ndi mvula zimaidzutsa, n'kusanduka chikasu chija, ndipo madzi amainyamulanso mpaka kuchitsime. Ndinawanena kuti apenga. Koma kumwaza phulusa ndinaleka.

Mu 1967 akampani anachoka, dzenje lili yasa, ana akusambiramo. Malemu anayamba kulikwirira ndi dongo, ngolo imodziimodzi, anthu mukuseka. Inde, inuyo, musazolike. Mu 1986 chifuwa chinawagwira, dokotala akuti mapapo. Sanaleke mpaka fosholo inawakanika. Atisiya Lachiwiri, pa 12 Seputembala 1989, mbali ya dzenjelo yoyang'ana chitsime chimene zidzukulu zawo zimamwa idakali yosakwirira.

Asiya mkazi, ana atatu, Taras, Halyna ndi Marko, zidzukulu zinayi, ndi ine nkhalamba. Zikomo bambo wansembe, amayi ophika, ndi inu okumba manda.

Tsono a Metro. M'mawa uno anafika kwathu atatchena suti, maluwa ali m'manja. Ndawabwezera pakhomo pomwepo. Ndati maluwa alipo ambiri, katapila ndi imodzi. Tatontholani pang'ono, mumve. Kulira kwa injini kukuchokera kuchitundako ndi iwowo, akukankha dongo, suti ili m'thupi.

A Orest, mwana wanga, dzenje lanu likutsekedwa lero lomwe. Usani mumtendere.