Enerst Chinkonde, Mwini Maluwa Osachita Maluwa

Malemu Enerst Sikelo Chinkonde anabadwa pa 9 Malichi 1963 m'mudzi mwa Chinkonde, mfumu yaikulu Kwataine, m'boma la Ntcheu. Anali wachitatu m'banja la ana asanu ndi awiri, ngakhale iwo pofotokoza ankakonda kunena kuti anali woyamba mwa amuna, zomwenso ndi zoona. Ine amene ndikuwerenga mbiriyi ndine Joe, msuweni wawo, mwana wa azakhali awo. Banja landisankha chifukwa msuweni ndiye amene amanena zoona pamaliro osaimbidwa mlandu. Mafumu, Bambo Mfumu, akuluampingo ndi anamfedwa, mundipirire.

Mu 1970 anayamba sukulu ya pulaimale kumudzi komweko. Sitandade 8 anailemba kawiri, osati chifukwa cholephera ayi, koma malinga ndi mawu awo, pofuna kuimvetsa bwino. Mu 1979 anasankhidwa kupita ku sekondale m'boma la Dedza, kumene anapata satifiketi ya JCE ndiponso luso lomanga tayi. Khasu sankagwirizana nalo. Tikamapalira chimanga patchuthi, iwo ankaima kumapeto kwa mzere n'kumatiuza dzina lachingerezi la udzu umene tikuzulawo. Ndatchula dala zimenezi kuti mudziwe kuti munthu tikumulirayu sanabadwe wokonda zomera. Zinawapeza atakula, monga zimachitira imvi.

Mu 1985 anabwera kuno ku Lilongwe, nalembedwa ntchito ya umesenjala pa kampani ina ya inshuwalansi ku City Centre. Anagwira ntchito mokhulupirika, ndipo mu 1998 anakwezedwa kukhala woyang'anira makiyi, tiyi ndi mapepala, udindo umene kunyumba ankautchula kuti administration.

Pa 17 Ogasiti 1991 anamanga ukwati woyera mu mpingo wa Katolika ndi mayi Jacinta, ochokera kwa Kachindamoto ku Dedza. Anayamba banja m'nyumba ya lendi ku Kawale, kenako ku Biwi, mpaka mu 2004 pamene anamanga nyumba ino kuno ku Chinsapo. Ambuye anawadalitsa ndi ana atatu: Dan, Thandie ndi Martha.

Mu 2015 kampani ija inasamukira m'nyumba yatsopano. Posamukapo mabwana analamula kuti chomera china chimene chinkakhala pamalo ofikira alendo chikatayidwe. Chinali chamasamba akuluakulu obowokabowoka, ngati adyedwa ndi mbozi. Malemu sanachitaye. Anakwera nacho minibasi ya ku Likuni, nachilipirira mpando wakutsogolo, iwo n'kukhala kumbuyo. Atafika anachiika pabalaza, nalengeza kuti dzina lake ndi monsitera. Ana asukulu a mu layini muno, amene Chingerezi amachidziwa theka, anamva kuti monsita, ndipo anakauza makolo awo kuti kwa a Chinkonde akuweta chilombo pabalaza. Mavuto amene nditchule kutsogoloku anayambira pa chilembo chimodzi kapena ziwiri zimenezo.

Mu 2017 anapuma pantchito. Nthawi imeneyo n'kuti fashoni yoika zomera m'nyumba ndi m'maofesi itafika mumzinda muno. Asungwana ankafuna kujambulitsa pambali pa tsamba, ndipo bwana wopanda mphika pakona ya ofesi ankaoneka ngati sanakwezedwe. Malemu anaona mwayi. Anayamba kudula nthambi, kuzimeretsa m'mabotolo, kuziwokera m'miphika ndi kukazibwereketsa m'maofesi, m'masaluni ndi m'nyumba za ku Area 49. Anasindikiza makadi olembedwa kuti Managing Director. Kampaniyo inali ya anthu awiri, iwo ndi mayi Jacinta, koma khadi linali ndi malo a dzina limodzi. Lolemba lililonse ankavala tayi, n'kunyamula kansalu ndi botolo lopopera madzi, kupita kukapukuta masamba a makasitomala. Tinkawaseka, inenso ndinali m'gulu. Koma masamba omwewo ndi amene anaphunzitsa Martha mpaka ku koleji, ndiwo anasintha malata tawakhalira pamthunzi wakewa, ndipo ndiwo akhala akudyetsa nyumba ino kufikira lero.

Zomera zitachuluka, sofa inatuluka kupita pakhonde, TV inalowa kuchipinda. Ife achibale tikabwera tinkakhala panja, maluwa ali m'nyumba pozizira. Ndanena kuti maluwa, ndipo ndipepese kwa malemu, pakuti mawu amenewa ankawakana. Ankati, "Asuweni, amenewa si maluwa, ndi ma indoor." Zoonadi sindinaonepo duwa ngakhale limodzi. Tsiku lina ndinawafunsa ngati amabala zipatso, anati ayi. Ngati masamba ake ndi ndiwo, anati ayi. Ngati amachiza chifuwa, anati ayi. Nditafunsa kuti nanga ntchito yake n'chiyani, anandiyang'ana mwachisoni n'kunena kuti, "Inu vuto lanu ndi exposure."

Mu 2019 apongozi awo aakazi anabwera kudzacheza kuchokera ku Dedza. Ataona chomera china chosongoka ngati mpeni anafunsa dzina lake. Malemu akanatha kunena kuti sakulidziwa, koma mawu amenewo sanawatchulepo m'moyo wawo. Anamasulira dzina lachingerezi mwaulemu wonse, atagwada, kuti limatchedwa lilime la apongozi. Ankhoswe anakhalapo pa nkhaniyi, ndipo inatha ndi tambala woyera.

Tsopano ndifike pamene pali polemera. Munthu akasunga m'nyumba zomera zosadyedwa, n'kumazilankhula m'mamawa, n'kumaletsa anthu kuzikhudza, kenako n'kukhoma malata atsopano, kuno kwathu timadziwa chimene timanena. Zinamveka kuti a Chinkonde ndi okhwima, ndipo chizimba chawo ndi chilombo cha pabalaza chija. Malemu mphekeserayi sinawasowetse tulo. Ankati ndi nsanje, ndipo ndikuganiza kuti pang'ono inkawasangalatsa, chifukwa ana anasiya kuponyera mpira kumpanda kwawo. Amene anaisenza ndi mayi Jacinta. Amayi anzawo anasiya kudzapempha mchere. Pa kiyosiki ya madzi iwo akaika ndowa pamzere, ndowa zoyandikana nazo zinkasuntha. Ku zinkhoswe ankawapatsa ntchito yotsuka mbale, osati yophika. Sanadandaulepo kwa ife. Amene sanasinthe ndi aneba awo a Abasi, mmisiri wokhoma ndowa ndi mbaula, amene ankawapangira zitini zodzalamo, pamodzi ndi akazi awo mayi Zaituni.

Mu 2023 malemu anapezeka ndi matenda othamanga magazi. Mankhwala ankamwa akakumbukira, ngakhale tsiku lothirira chomera chilichonse sankaliiwala. Mu Juni chaka chino anagwidwa sitiroko imene inafoola mbali yakumanzere. Anagonekedwa ku chipatala cha Likuni, ndipo atatuluka anapempha kuti bedi lawo liikidwe pabalaza. Kuyambira pamenepo mayi Jacinta ndi amene ankawasambitsa, kuwadyetsa, kenako n'kukwera minibasi kukapukuta masamba ku City Centre. Ine ndinawaona komaliza Lamulungu lapitali. Kulankhula kunali kovuta, koma anandikodola kuti ndiyandikire. Ndinawerama, poganiza kuti pali mawu oti ndikauze banja. Anati, "Asuweni, mwatsamira tsamba."

Anatisiya Lachiwiri pa 21 Okutobala 2025, m'mawa, m'nyumba mwawo muno, ali ndi zaka 62.

Mbiri ya munthu imathera pamenepo, koma banja landituma kuti ndipitirire pang'ono, chifukwa zachitika masiku awiriwa zikukhudza amene atsala.

Lachiwiri lomwelo, monga mwa mwambo, tinatulutsa katundu pabalaza kuti amayi apeze pokhala ndi thupi. Katundu wake anali miphika, ndipo tinaiika kuseri kwa nyumba. Dzulo abale athu atafika kuchokera kumudzi, ena mwa akuluakulu, atamva zimene zimakambidwa mu layini muno, ananena kuti zinthu zimene malemu ankaweta zawatembenukira. Anati tikachoka kumanda zonse zitenthedwe, ndipo mayi Jacinta afunsidwe zimene akudziwa. Ndinene mosabisa tanthauzo lake. Miphika ija ikapsa, mayiwa atsala opanda chodyera. Ndipo utsi wake ukakwera, Chinsapo yense adzati zinali zoona, dzina limenelo n'kukhala lawo mpaka tsiku limene wina adzaimirire pano kuwerenga mbiri yawo.

Koma pali chinthu china chimene chinachitika Lachiwiri, chimene tachizindikira m'mawa uno. Mfumu ya dera lino itamva za zovutazi inatuma abambo awiri, a Jonah ndi a Yaseen a komiti ya maliro, kuti akaike masamba pamsewu, kuti odutsa adziwe kuti pano pali maliro. Mukudziwa nonse kuti uno ndi Okutobala, ndipo mitengo ya kuno inapita kalekale ku mauvuni a njerwa. Abambowa anazungulira ndi chikwanje osapeza kanthu kobiriwira. Atasuzumira kuseri kwa nyumba ino anaona masamba aakulu, onyezimira, opukutidwa bwino, ndipo anathokoza Mulungu. Chilombo chija anali asanachionepo, popeza m'nyumbamu sankalowamo. Anachisadza chonse, n'kusiya tsinde lokha. Masamba ena anakayala kumtunda, kufupi ndi msika, ena kumunsi, pafupi ndi chigayo.

Layini ino ilibe njira yachitatu. Choncho aliyense amene wakhala pano wadumpha masamba a monsitera. Apanjinga munatsika n'kuikankha modutsa pomwepo. Abambo munavula zipewa. Akwaya munadutsapo mukuimba. Amayi otunga madzi mwakhala mukudutsapo m'mawa ndi madzulo, ena opanda nsapato. Lole ya kumudzi inaima pomwepo, akuluakulu n'kutsika, ndipo mmodzi mwa iwo, poona kutentha, anatola tsamba limodzi kuti azidzikupizira. Dzina sinditchula. Pitirizani, malume, kukutenthadi.

A Jonah ndi a Yaseen ali pano, ndipo agona bwino masiku onsewa. A Yaseen akungodandaula kuyabwa m'manja, kumene mayi Jacinta akuti ndi utomoni chabe, asambe ndi sopo.

Banja linakhalanso pansi m'mawa uno, mbali zonse ziwiri, pamaso pa mafumu. Tinaona kuti ngati masambawo ali ndi kanthu, ndiye kuti tonse tatenga kale, ndipo moto sutithandiza. Ngati alibe kanthu, ndiye kuti pali mayi amene wakhala akutsuka mbale ku zinkhoswe kwa zaka zambiri popanda chifukwa. Chigamulo ndi ichi: palibe chimene chitenthedwe, ndipo palibe amene afunsidwe mafunso. Miphika yonse, nyumba ino ndi makasitomala ndi za mayi Jacinta ndi ana awo. Akuluakulu a kumudzi avomereza, ena ndi mawu, ena pokhala chete.

Malemu asiya mkazi, mayi Jacinta Chinkonde, ana atatu, Dan, Thandie ndi Martha, zidzukulu zinayi, alongo awo awiri ndi mng'ono wawo mmodzi.

M'malo mwa banja ndithokoze madokotala ndi anamwino a ku Likuni, amene anapirira kuuzidwa ndi wodwala kuti mawindo a m'wodi ali mbali yolakwika. Ndithokoze Bambo Mfumu, a mphakati ndi akwaya; mafumu a dera lino ndi a kumudzi; adzukulu amene akhala ali kumanda kuyambira m'mawa pa nthaka youma ngati imeneyi; amayi amene ali kumoto; ndi nonse amene mwapereka chipepeso. Mwapadera a Abasi ndi mayi Zaituni, amene anabwereka galimoto yopita kuchipatala ndipo ankasinthana ndi mayi Jacinta podwazika. Tithokozenso makasitomala a ku City Centre amene atumiza nkhata yaikulu ya maluwa apulasitiki. Talandira ndi manja awiri. Malemu sanaione.

Pomaliza, pempho limodzi. Kuyambira Lachiwiri mayi Jacinta ali pamphasa, ndipo mwambo suwalola kudzuka kukagwira ntchito. Mipopi yauma sabata yonse, madzi amene alipo ndi ogula ophikira anthu. Zomera zija zili padzuwa limene sizinalionepo chibadwire, ndipo zayamba kuwerama. Choncho tikabwerako kumanda, madzi osamba m'manja tisanadye sakhala kutsogolo kuno monga mwa nthawi zonse. Akhala kuseri. Wokuthirirani adzaima pambali pa miphika, inu mudzasankhe mphika umodzi, mutambasule manja pamwamba pake, madziwo agwere m'menemo. Sitikakamiza munthu. Tingokudziwitsani kuti zenera la chipinda chimene mayi akhale limayang'ana komweko, ndipo katani tachotsa.

Asuweni anga Enerst, ntchito yanu mwaimaliza, yotsalayi tiigwira ndi manja athu. Mzimu wanu uuse mumtendere.