Mayi amene anzanga anakana kuwakweza

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye, a kuno ku Chifunde ndi ena nonse amene mawuwa akufikeni. Ine ndine Armando, uja ndimanyamula anthu pa mota, njinga yamoto ija, pamsika, ndipo ambiri mumandidziwa ndi nthabwala. Ndikufuna ndichitire umboni za matenda amene ndinawabisa nthawi yaitali mpaka ndinatsala pang'ono kuchotsa moyo wanga. Mtima ukadali wowawa, ndiye mundipirire.

Ndinalibe vuto loti n'kuloza ndi chala. Chimanga chinalimo m'nkhokwe, ana anali bwino, mkazi wanga Rozita sanandilakwire kanthu. Koma mumtima munkalemera ngati ndasenza thumba la simenti, tulo sindinkatiwona, chakudya sichinkalowa. Ndinkapemphera kuti Mulungu andichotsere chinthuchi, koma kumwamba kunali zii. Kukacha ndinkapita kumsika n'kumakaseketsa anthu monga mwa masiku onse.

Kenaka kunamveka kuti bambo uja wa pa radiyo wadzipha. Dzina sinditchula, mukumudziwa. Ndi uja ankatidzutsa m'mawa ndi nthabwala, akupereka moni kwa alimi kuyambira ku Cassacatiza mpaka ku Nsadzo. Tsiku lomwelo pakamwa pa anthu panatembenuka. Wina ankati anakhuta, wina ankati zizimba za kutchuka zamubwerera, wina ankati mwamuna weniweni sathawa mavuto. Amene ankamunyengerera kuti awatchule mayina pa radiyo ndi omwe ankaseka kwambiri. Anamuika mwachangu monga achitira ndi wodzipha, osalira, osagona pasiwa, ndipo mpingo sunaimbe nyimbo ngakhale imodzi. Ine ndinangokhala pa mota yanga, kumvetsera mmene adzandinenere ine.

Mawu amenewo sanandiopseze ayi, anangonditseka pakamwa. Ndani angaulule zakukhosi kwa anthu oseka maliro? Ndinayamba kugawa zinthu zanga mwakachetechete. Jekete yanga yabwino ndinapatsa mng'ono wanga, ndipo iye anangothokoza, osafunsa.

Tsiku lina mkazi wa malemuyo anafika pamsika ndi katundu wawo, akufuna mota yowapititsa kwawo cha ku Nsadzo. Anzanga onse anayang'ana kumbali. Ankanong'onezana kuti popeza maliro aja sanametedwe, mayiwo akuyenda ndi minyama, ndipo wowakweza akagwa nayo mota. Ine ndinawakweza. Musandiyamikire, sichinali chifundo. Munthu amene watopa ndi moyo saopa minyama.

M'njira ndinayamba nthabwala zanga monga ndichitira ndi aliyense, kunena za maenje a mumsewu ndi mbuzi zosamva hutala. Iwo sanaseke. Titafika pa kamtsinje kena anandigwira paphewa kuti ndiime, n'kutsika, n'kundiyang'ana kumaso nthawi yaitali. Anandifunsa ngati ndimagona, ngati ndimadya, ndiponso ngati ndayamba kugawa zinthu zanga. Ndinayesa kuzemba ndi nthabwala ina, koma anandidula.

"Achimwene, mukuseka mmene ankasekera amuna anga. Iwo sindinawafunse, ndinkachita manyazi. Inu ndikufunsani. Kodi mukuganiza zodzipha?"

Abale, funso limenelo palibe anali atandifunsapo, kaya kunyumba, kaya kumpingo. Ndinakhala pansi pamchenga n'kulira ngati mwana, ndipo ndinavomera. Mayi aja sanandilalikire kapena kundiopseza ndi moto wa kugehena. Anakweranso pa mota n'kundiuza kuti nditembenuke, ulendo wa kwawo udikire. Anandiperekeza mpaka kuchipatala, ndipo sanachoke pakhomo mpaka anamwino atandilowetsa.

Anamwinowo anandiuza kuti amenewa ndi matenda a maganizo, amagwira wolemera ndi wosauka yemwe, ndipo ali ndi chithandizo. Anandipatsa mankhwala, anandiuza kuti ndizibwera kudzacheza nawo, anaitanitsanso Rozita kuti amve yekha. Mkazi wanga analira, akufunsa kuti bwanji ndinkagona naye nyumba imodzi osamuuza. Sindinachire tsiku limodzi, ndipo masiku ena mtima umalemerabe. Koma tsopano ndimagona, ndimadya, ndipo zikandivuta ndimanena.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero limene ndinkayesa kuti latayika. Sanatume mlaliki kapena mkulu wa mpingo, anatuma munthu amene tonse tinkamuthawa. Iwe amene ukuseka masana koma m'kati ukufa, usalimbe nazo wekha. Uza munthu mmodzi, pita kuchipatala, pirira, Mulungu sanakutaye. Inu ena, mukaona mnzanu wasintha, mufunseni mosapsatira. Kufunsa sikupha munthu.

Koma ndisanamize, chilipo chikundiwawa. Nditapereka umboni umenewu kumpingo, munaimirira n'kuwomba m'manja, amayi analulutira kuti Armando wapulumuka. Palibe anafunsa kuti mayi aja ali bwanji. Ali kwawo, amatunga madzi okha anzawo atachoka pachitsime, ndipo ana awo amanenedwa kuti ndi ana a wodzipha. Ngati mukufunadi kuthokoza Mulungu chifukwa cha moyo wanga, pitani mukawapepese maliro a amuna awo. Mpaka lero palibe wapitako. Woti apite ndimunyamula ndine, mota ilipo.