Chimene Chinapezeka M'mimba mwa Bambo Gideon Miti

Amene tikuwaika m'manda lerowa ndi Bambo Gideon Miti, obadwa m'chaka cha 1893 ku Kasenengwa. Ambiri tinawamvapo pakhonde la sitolo ya a Mahomedi akunena kuti dotolo wachizungu sagwira mpeni asanawafunse iwo. Dotoloyo sitinamufunsepo, choncho tizisiye pomwepo.

Sukulu anaphunzira ku Madzimoyo mpaka Sitandade 3, ngakhale kuti m'zaka zotsirizazi sitandadeyo inali itakwera kufika pa 5. Mu 1919 anakwatira Mayi Getrude, amene akhala pafupi ndi bokosiwo.

Mu 1924 analowa ntchito pachipatala cha paboma, m'chipinda cha mitembo. Ankasambitsa akufa, n'kumagwira beseni dotolo akamang'amba mtembo kuti aone chapha munthu. Ntchitoyi inawathawitsira anzawo odya nawo mbale imodzi, makamaka zaka zija za mphekesera ya opopa magazi, koma iwo sanadandaule poti ndiwo zinkawachulukira. Ankakonda kunena kuti munthu amanama moyo wake wonse, koma ukamutsegula, mapapo ndi chiwindi zimaulula fodya amene anakoka, fumbi la kumigodi, ngakhale njala imene ankabisa.

Kumpingo anali mkulu kuyambira 1931, ndipo Loweruka lililonse ankatsazika kuti akukachezera odwala ku Kapata. Pa nkhani ya mowa analibe chibale. Ena mwakhala panomu munachotsedwa pa Mgonero chifukwa cha mphuno yawo.

Chaka chathachi, 1945, miyendo inayamba kutupa, mimba n'kukula, kenako kusanza magazi. Alongo awo, Mayi Edita, anati umenewu ndi mdulo: mkazi wayenda ndi mwamuna wina n'kudzathira mchere m'ndiwo. Mayi Getrude analetsedwa kukhudza mchere, kenako kuphika, kenako kulowa m'nyumba yawo yomwe. Miyezi yonseyi akhala akugona kukhitchini, ndipo akafika pachitsime macheza ankangoti zii. Abale anali atapangana kale kuti maliro akatha, mayiwa apitikitsidwe opanda ngakhale mphasa.

Malemu ankamva zonsezi ali chigonere, osatsutsa, osavomera. Lachiwiri lapitali, mawu atayamba kuchepa, anaitana mng'ono wawo Alfonsi nati: “Ndikapita, adotolo anding'ambe. Iwe ndi mkulu mmodzi wa mpingo mukaime pomwepo, musakaphethire.” Anatisiya Lachinayi m'mawa.

Dzulo zinachitika monga anafunira. A Alfonsi anaima pang'ono, kenako anapezeka ali pansi akuwakupizira mphepo. A Andireya, mkulu wa mpingo, ndiwo anaona mpaka pamapeto. Chiwindi chinapezeka chofota, cholimba, chokakala ngati chikopa cha ng'azi. Dotolo anati mchere suchita zimenezo, kaya wathira ndani. Amachita zimenezo ndi kachasu, ndipo osati wa chaka chimodzi. Tsono tadziwa odwala amene ankakawachezera ku Kapata Loweruka lililonse.

Tisaseke kwambiri. Malemu anali ataonapo ziwindi zambiri, ndipo ankadziwa chimene mpeniwo ukapeze. Akanangokhala chete, lero tikanaika woyera mtima, mawa n'kuthamangitsa mayi wosalakwa. Iwo anasankha kugoneka ulemu wawo patebulo lija kuti mkazi wawo abwerere m'nyumba. Anachedwa nazo, koma anachita.

M'mawa uno, pamaso pa ankhoswe a mbali zonse ziwiri, Mayi Edita anagwadira Mayi Getrude, napereka nkhuku yopepesera, nawapatsa chikho cha mchere. Mayi Getrude anatapa ndi dzanja lawo n'kuthira mumphika wa ndiwo za pamaliro pano. Woyamba kulawa anali Mayi Edita. Ali moyo, mukuwaona. Amene akukayikabe, njira ya kwawo akuidziwa, akadye kumeneko.

Malemu asiya mkazi wawo Mayi Getrude, amene nyumba ndi munda zikhala m'manja mwawo. Ana aakazi awiri, Vailet ndi Monika. Mwana wamwamuna Edmond, amene ali kumigodi. Mng'ono wawo Alfonsi. Mlongo wawo Edita. Ndi zidzukulu zisanu.

Apumule mu mtendere, poti chobisa chawathera.