Tsiku limene ndinatchula dzina la apongozi anga

Moni amayi ndi abambo, abale anga mwa Ambuye, makamaka inu akamwana anzanga, okwatiwa pamudzi pa apongozi. Ine ndine NyaShaba, mayi wa ana awiri, wokwatiwa kufupi ndi Manyamula. Ndikufuna ndikuuzeni mmene ndinatsalira pang'ono kuchotsedwa pabanja n'kusiya ana anga m'manja mwa ena, osati chifukwa cha chigololo kapena ulesi, koma chifukwa cha sukulu ya kwacha. Anthu amati ndine wofatsa, ndipo n'zoona sindikonda kukweza mawu. Koma nkhani iyi ndikaikumbukira mtima umatenthabe, ndiye mundikhululukire mukaona mkwiyo m'kalembedwe kanga.

Chaka chimenecho amuna anga anali ku Chikangawa, kocheka matabwa. Ine ndinatsala pamudzi pa apongozi ndi Tiwonge wa zaka zitatu, ndi Wezi ali kubere. Mvula itangoyamba kunabwera bambo wina wochokera ku Boma pa njinga yamoto, a Kachiza, woona za maphunziro a anthu akuluakulu. Asanabwere kuno ankagwira ntchito kunyanja, m'midzi ya asodzi, ndipo sankatha chiganizo osatchula kunyanjako. Anafika ndi pepala lolembalemba kale. Palibe chimene anatifunsa. Anangowerenga pamsonkhano kuti sukulu iyamba mu Januwale, kuti abambo ndi amayi azikhala chipinda chimodzi masana, kuti buku ndi ili, ndipo mphunzitsi aziitana maina mokweza tsiku lililonse. Buku lake linali la ukonde, bwato ndi usipa, kwa ife amene usipa timauona wouma pamsika basi. Januwale ndi nthawi yopalira ndi yobandira, koma zimenezo sizinali papepala lawo.

Atafunsa amene amawerenga bwino Chichewa, anthu analoza ine, chifukwa ndinafika Sitandade 6. Ndinakondwa, sindibisa. Ndinkafuna anzanga azidziwerengera okha makalata a amuna awo ndi kadi la sikelo ya mwana. Koma msonkhano utatha ndinawatsata a Kachiza, ndinagwada, n'kuwauza kuti kuno mkamwana saimirira pamaso pa apongozi ake aamuna, ndipo dzina lawo lobadwa nalo salitchula mpaka kufa. Ndinapempha kuti abambo akhale ndi mphunzitsi wawo.

Anaseka. "Mayi, zimenezo ndi zachikale," anatero. "Kunyanja asodzi ankakhala benchi limodzi ndi akazi awo, palibe anafa. Kapena inu ndi amene mukufuna kutsekereza chitukuko?"

Nonse mukudziwa kulemera kwa mawu amenewo masiku ano. Wapampando wa chipani anali chapomwepo akumva. Ndinangoti yewo, n'kudzuka. Sindikunyoza boma, abale, sukulu ndi yabwino. Ndikunena za munthu mmodzi amene anali ndi makutu awiri koma osafuna kugwiritsa ntchito ngakhale limodzi.

Tsiku loyamba chipinda chinadzaza, chifukwa wapampando analengeza kuti khomo lililonse lipezeke. Apongozi anga aamuna anakhala benchi la kutsogolo, ndodo yawo ili pakati pa miyendo. Ine ndinaima kumbali, Wezi ali kumsana, maso pansi. A Kachiza anandipatsa kaundula amene analemba okha, maina onse athunthu. Ndinayamba kuitana. Nditafika pa apongozi ndinadumpha, n'kuitana wotsatira.

"Mwadumpha nambala seveni," anatero a Kachiza ali pakhomo. "Werengani monga mwalembedwera."

Ndinawayang'ana mowapempha ndi maso. Anapinda manja n'kudikira. Ndipo ine, chifukwa cha mantha, ndinatchula dzinalo. Pano sindililemba, ndipo sindidzalitchulanso. M'chipindamo amayi anaphimba nkhope ndi nsalu. Apongozi anadzuka pang'onopang'ono, osandiyang'ana, n'kutuluka, ndipo abambo onse anawatsata mmodzimmodzi. A Kachiza anakwera njinga yawo n'kubwerera ku Boma kukagona bwino. Ine ndinabwerera kumudzi umene ndinali nditaunyoza.

Kuyambira tsiku limenelo madzi amene ndinkatunga apongozi sankamwa. Chakudya chimene ndinkatumiza chinkabwerera chosakhudzidwa. Uthenga unapita ku Chikangawa, ndipo amuna anga anayankha mwachidule kuti zimene adada, bambo awo, anena ndi zomwezo. Akuluakulu anakhala pansi n'kugamula kuti fodya akatha ndibwerere kwa bambo anga chaku Edingeni. Kwa inu a kumwera ndi pakati ndifotokoze: kuno ng'ombe za malowolo zikalowa, ana ndi a kuchimuna. Tiwonge akanatsala tsiku lomwelo. Wezi ndikanapita naye mpaka atasiya kuyamwa, kenako akanabwera kudzamutenga. Pamwamba pa zimenezi ndinamva kuti a Kachiza alemba kuti sukulu yafa chifukwa mphunzitsi wake ndi wamwano kwa akulu, ndipo abweranso kudzafufuza. Munthu yemweyo amene anandikakamiza! Ndiye kumudzi ndinali wamwano chifukwa ndinamumvera, ku Boma ndinali wamwano chifukwa anthu anathawa.

Ndinakwiya, abale. Ndinakwiyira a Kachiza, ndinakwiyira amayi amene anaona zonse koma osanena kanthu, ndinakwiyira amuna anga amene sanafunse n'komwe kuti zinayenda bwanji. Ndinakwiyiranso Mulungu. Ndinkakhala m'chigafa kusoka fodya, Tiwonge akusewera pamapazi anga, ndipo pemphero langa silinali la ulemu. Ndinkati, Ambuye, munali m'chipinda chija, munaona kuti ndinadumpha dzinalo, nanga bwanji mwakhala chete ngati ena onsewa? Masabata atatu sindinaimbe nyimbo kutchalitchi. Koma kupemphera sindinaleke, ngakhale kunali kongodandaula. Ndinkangopempha chinthu chimodzi, kuti wina ayankhule, chifukwa ine mkamwana ndinalibe pakamwa pabwalo.

Amene Mulungu anamutuma sindikanamuganizira. Anali ankhazi, mlongo wawo wa apongozi anga, mayi wofulula mowa, wa lilime lakuthwa. Chifikireni pamudzipo sanandiyamikirepo kanthu. Ndiwo zanga zinali zopanda mchere, mwana wanga ndinkamubereka mokhota, ndipo chiyambireni nkhani ya sukulu ankandiitana "asambizgi", kutanthauza aphunzitsi, mondigemula.

Tsiku la kafukufuku anthu anasonkhana panja pa sukulu. A Kachiza anayankhula nthawi yaitali za umbuli ndi za kunyanja. Ine ndinakhala kumbuyo kwenikweni. Atamaliza, ankhazi anakwawa n'kufika kutsogolo, osapempha chilolezo kwa munthu.

"Bwana, ndapota, ine ndine mbuli, mundiphunzitse," anatero. "Munakwatira kuti?"

"Ku Dowa," anayankha a Kachiza.

"Apongozi anu aakazi ali moyo?"

"Ali moyo."

"Yewo chomene. Mbwenu imirirani bwino, mutiuze dzina lawo laubwana, mokweza, tonse timve. Musaope, ali kutali, sakumva. Ndi zachikale izi."

A Kachiza anayang'ana pepala lawo ngati dzinalo lili pamenepo. Anavula chipewa, n'kuvalanso.

"Tikudikira, bwana," anatero ankhazi. "Kapena mwadumpha nambala seveni?"

Woyamba kuseka anali wapampando mwiniwake, ndipo ataseka iye bwalo lonse linaphulika. Ankhazi sanaseke. Anatembenukira kwa mlongo wawo n'kunena kuti, "Iwe, mwamuna wa ndevu uyu walephera kutchula apongozi amene ali ku Dowa. Mwana uyu anadumpha dzina lako, tonse tinamva, mpaka anamukanikiza. Ukufuna kulanga mbuzi m'malo mwa amene anaikokera m'munda? Adzukulu anga aleredwe ndi ndani, iweyo?" Palibe wina pamudzi wonse amene akanayankhula choncho kwa apongozi anga. Iwo anangogwedeza mutu n'kuyang'ana pansi.

Tsiku lomwelo dongosolo linalembedwanso, ndipo ulendo uno a Kachiza ndi amene ankafunsa, ife tikuyankha. Abambo anasankha mphunzitsi wawo, mkulu wina wobwerera ku migodi, kuti aziphunzira tsiku la dibi, ng'ombe zikatuluka m'madzi. Amayi tinati tiyambe tikakolola, tiziphunzira m'mawa tikatunga madzi, ndipo poitana tizitchulana monga timachitira pachitsime, nyina wa uje, nyina wa uje, kutanthauza mayi a uje. Buku la usipa silinasinthe, koma tinagwirizana kuti pa bolodi tizilembanso za ng'ombe, chimanga ndi kadi la sikelo. Zonsezi zinatenga ola limodzi. Ola limodzi, abale, limene munthu uja akanatipatsa poyamba, ine osadutsa m'moto umenewu.

Mlandu wanga sunangotha wokha. Ndinalakwa ndithu, ngakhale mokakamizidwa, ndipo ndinapereka nkhuku yopepesera kudzera kwa ankhazi. Apongozi anailandira, ndipo m'mawa mwake anatuma Tiwonge kudzatenga madzi akumwa kwa ine. Ndinalowa m'nyumba n'kugwada, ndinalira, ndipo kwa nthawi yoyamba pemphero langa linali lothokoza. Amuna anga atabwera pa tchuthi anachita manyazi, koma imeneyo ndi nkhani ya m'nyumba. A Kachiza sanandipepesepo. Tikakumana amandipatsa moni ngati palibe chinachitika. Ndikupempherabe kuti ndiwakhululukire ndi mtima wonse, ndipo kunena zoona sindinafikebe.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero la mkazi wokwiya, losakonzeka bwino, lonenedwa manja ali ndi phula la fodya. Ndikuthokozanso ankhazi, amene nditapita kukawathokoza anandiuza kuti ndichoke ndikuwatchingira dzuwa. Inu amene mumakonzera anthu maphunziro, ndapota, musabwere ndi pepala lotha kale. Khalani pansi, funsani, chifukwa zimene mwalakwitsa inu amalipira ndi amene atsala pamudzi mukakwera njinga. Ndipo iwe mnzanga amene uli pakati pa miyala iwiri, wopanda pakamwa pabwalo, usaleke kupemphera ngakhale mawu ako akuwawa. Mulungu sasowa womutuma, ndipo safunsa kaye ngati munthuyo amakukonda. Ine ndili pabanja panga, ndipo ana anga onse awiri ndikuwalera ndekha. Ambuye alemekezeke. Amen.